Khomo la Kuseri kwa Webusaiti: Mafunso ndi Mayankho

Nyumba yaikulu iliyonse ili ndi makomo awiri: la kumaso, kumene alendo amaodira nalandiridwa ndi ulemu, ndi la kuseri, kumene eni nyumba amalowetsera nkhuni ndi madzi natulutsira phulusa, ndipo ngakhale mlendo atamande khonde lozirika bwino ndi maluwa a pabwalo, iye amene anakulira m'nyumbamo adziwa kuti moyo wa banja udzera kuseri. Chomwechonso pulogalamu ya pa intaneti, imene ambiri amaitcha webusaiti: masamba ndi mabatani ndiwo khomo la alendo, koma antchito oisamalira ayenera kukhala ndi khomo lawolawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene achinyamata ophunzira ntchito ya mapulogalamu amafunsa kawirikawiri za khomo limenelo.

Kodi mzere wa malamulo n'chiyani?

Ndi njira yolankhulira ndi kompyuta polemba mawu m'malo modina zithunzi. Munthu atsegula kawindo kopanda zokongoletsa kotchedwa terminal, alemba mzere umodzi wonena chimene afuna, adina batani la Enter, ndipo kompyuta ichita chimene yauzidwa nibweza yankho lake m'mawu olembedwa. Anthu a ntchitoyi amafupikitsa dzina lake kuti CLI. Amene anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, polemba nyenyezi ndi manambala pa foni yopanda intaneti, analawako kale za mchitidwe umenewu, kungoti pa foni munthu amasankha mwa zimene amuikira patsogolo, pamene pa terminal amanena yekha zonse zimene afuna pa mzere umodzi.

Mchitidwewu ndi wamkulu msinkhu kuposa webusaiti iliyonse. M'chaka cha 1969, ku Bell Labs m'dera la New Jersey ku America, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie pamodzi ndi anzawo anayamba kumanga Unix, ndipo miyambo yambiri imene titsata lero inakhazikika m'manja mwawo. Pulogalamu yolandira malamulo yotchedwa Bash, imene ipezeka pa maseva ochuluka a Linux, anailemba Brian Fox ndipo inatuluka mu 1989, chaka chomwecho chimene Tim Berners-Lee analemba ku CERN maganizo ake amene anabala masamba a pa intaneti.

Popeza webusaiti ili kale ndi masamba ndi mabatani ake, tidzivutitsiranji kumanga khomo lachiwiri?

Chifukwa chake chachikulu n'chakuti chala chimatopa ndiponso chimaphonya, koma mzere wolembedwa umabwerezedwa kambirimbiri osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Tiyerekeze kuti bungwe lina la alimi lili ndi webusaiti yosunga maina a mamembala 3,000 ndi ngongole zawo za feteleza, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse kalaliki ayenera kukumbutsa onse amene sanabweze. Akati atsegule tsamba la munthu mmodzimmodzi, nayang'ana, nadina, dzuwa limulowera asanafike pakati, ndipo mwa kutopa adzalumpha wina nakumbutsa wina kawiri. Koma ngati omanga webusaitiyo anamkonzera lamulo limodzi lakuti tumiza_zikumbutso, ntchito ya masiku awiri itha tiyi asanazizire m'kapu.

Kuwonjezera apo, lamulo lolembedwa silisowa kuti mwini wake akhale maso. Pa makompyuta a Unix ndi Linux pali mlonda wakale wotchedwa cron, amene amapatsidwa zinthu zisanu, ndizo mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi ndi tsiku la sabata, ndipo nthawi ikakwana ayendetsa lamulolo ngakhale pakati pa usiku anthu onse ali m'tulo. Batani la pa tsamba limadikira chala cha munthu, ndipo cron alibe chala.

Palinso ntchito zina zosayenera kuonekera pa khomo la alendo, monga kusintha kamangidwe ka nkhokwe ya database, kulenga woyang'anira woyamba pamene webusaiti ilibe munthu ndi mmodzi yemwe wololedwa kulowamo, ndi kukonza zinthu tsamba lenilenilo litagwa. Ndipo kwa ife amene tigwira ntchito kumene netiweki imafooka ndi bandulo imatha msanga, pali phindu lina limene anzathu a kumaiko olemera saliganizira: kudzera mu SSH, njira imene Tatu Ylönen wa ku Finland anaikonza mu 1995, munthu ali ku Dedza angathe kulamula seva ili ku Frankfurt potumiza zilembo zochepa chabe, pa netiweki imene tsamba lodzala ndi zithunzi silikanatha ngakhale kutseguka.

Kodi zida zimenezi n'za mtundu umodzi?

Iyayi, n'za mitundu iwiri, ndipo wosazisiyanitsa amasokonezeka poyamba pomwe. Mtundu woyamba uli ngati nduna yokhala kumpanda kwa mfumu, imene ilowa paliponse ndi kugwira nkhokwe ndi manja ake: chida chotere chimakhala pa seva pamodzi ndi webusaitiyo. Django, imene Adrian Holovaty ndi Simon Willison anaiyamba pa nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas niperekedwa kwa anthu onse mu 2005, ili ndi manage.py, Ruby on Rails ya David Heinemeier Hansson, ya mu 2004, ili ndi lamulo la rails, Laravel ya Taylor Otwell, ya mu 2011, ili ndi Artisan, ndipo osamalira WordPress ali ndi WP-CLI.

Mtundu wachiwiri uli ngati mthenga wochokera kumudzi wina, amene salowa m'nyumba koma aima pachipata, napereka mawu, nalandira yankho. Chida chotere chimakhala pa kompyuta ya wochigwiritsa ntchito, ndipo chimalankhula ndi webusaiti kudzera pachipata chotchedwa API, mwa mapempho a HTTP. Chitsanzo chake ndi gh ya kampani ya GitHub, imene inatuluka mokwanira mu Seputembala 2020. Ndipo wakale mwa amithenga otere ndi curl, imene Daniel Stenberg wa ku Sweden anaitcha dzina limenelo mu 1998, itayamba ngati kachida kakang'ono kotengera mitengo ya ndalama za maiko pa intaneti. Mthenga ayenera kumva chilankhulo cha pachipata: 200 ndiye kuti zatheka, 401 ndiye kuti sunadziwike, 404 ndiye kuti chimene ufuna kulibe, 429 ndiye kuti wagogoda kochuluka, uyambe wapuma, ndipo 500 ndiye kuti vuto lili m'nyumba momwemo.

Wofuna kumanga chake ayambire pati?

Ayambire pa mtundu woyamba, pakuti msewu wake unalambulidwa kale. Mu Django, munthu apanga mafoda awiri, management ndi commands m'kati mwake, naikamo fayilo imene dzina lake ndilo lidzakhala dzina la lamulo. M'fayilomo alemba kalasi yotchedwa Command, ndipo ntchito yeniyeni iyambira mu handle. Akatero, kulemba python manage.py tumiza_zikumbutso kukwanira. Mu Laravel, php artisan make:command imamukonzera munthu chigoba cha zonsezi. Pa chida cha mtundu wachiwiri, asadzivute kumasulira yekha mawu olembedwa pa mzere, popeza zilipo zothandiza zoyesedwa: argparse ndi Click m'chilankhulo cha Python, ndi Cobra m'chilankhulo cha Go, imene gh yomwe inamangidwapo.

Komatu pano pali chinthu chimene ndichiyesa mutu wa nkhani yonse, ndipo ndikupemphani owerenga muchisunge. Khomo la kuseri lilowetse munthu m'nyumba yomweyo imene khomo la kumaso limlowetsamo, osati m'nyumba ina yofanana nayo. Ngati mfundo ya bungwe la alimi lija ikuti munthu amene watsala ndi masiku asanu kuti tsiku lobweza lifike asakumbutsidwe, mfundo imeneyo ilembedwe pamalo amodzi okha, ndipo batani la pa tsamba ndi mzere wa pa terminal zonse ziwiri ziitane malo amodziwo. Ndaona kangapo konse mmisiri wofulumira akukopera mizere ya pa tsamba naiika m'lamulo lake, ndipo zonse ziyenda bwino kufikira tsiku limene komiti isintha masiku asanu kukhala khumi, wina nakonza tsamba naiwala lamulo. Kuyambira pamenepo webusaiti imodzi ilankhula pawiri, kalaliki auzidwa china masana, cron nachita china usiku, ndipo mlimi amene nthawi yake yokumbutsidwa sinakwane alandira uthenga womuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake ndi ana. Chifukwa chake handle ikhale yaifupi: ilandire mawu, iitane ntchito imene ili kwina, inene zotsatira.

Nanga mawu a lamulo asankhidwe bwanji?

Asankhidwe modekha, pakuti dzina la lamulo ndi pangano. Batani la pa tsamba mungalisunthe lero kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo munthu adzaliona ndi maso nalitsata. Koma mzere umene wina anaulemba m'fayilo ya cron zaka zitatu zapitazo ulibe maso, ndipo mukasintha chilembo chimodzi udzagwa mwakachetechete usiku. Nkhanga zinapangana kusanapse: gwirizanani maina anthu asanayambe kuwadalira, ndipo ngati kusintha sikungapeweke, dzina lakale lipitirire kugwira ntchito kwa nyengo, likuchenjeza kuti masiku ake atha.

Mwambo wabwino ndi umene gh itsata, wotchula chinthu kenaka chochita, monga gh pr create ndi gh issue list, kotero kuti wodziwa malamulo awiri atha kulota lachitatu. Zosankha zapadera zimayamba ndi timizere tiwiri, ndipo pa zonsezo yosasoweka ndi --help, imene iyenera kufotokoza lamulo ndi kupereka chitsanzo chenicheni chimodzi kapena ziwiri.

Ndamva kuti chida chabwino chimalankhula ndi anthu ndi makina omwe. Zitheka bwanji?

Zitheka chifukwa pulogalamu iliyonse ya Unix ili ndi pakamwa pawiri. Poyamba, potchedwa stdout, ndi potulukira zotsatira zenizeni. Pachiwiri, potchedwa stderr, ndi potulukira madandaulo, machenjezo ndi mawu onena pamene ntchito yafika. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi chifukwa: Douglas McIlroy, mnzawo wa Thompson ndi Ritchie, anakakamira kuti mapulogalamu azilumikizidwa monga mipope ya madzi, ndipo mu 1973 maganizo akewo analowa mu Unix, kotero kuti zotuluka mu pulogalamu ina zimalowa mwachindunji mu inzake. Tsono ngati lamulo lanu litulutsa maina a angongole, koma pakati pa mainawo lisakaniza mawu akuti "dikirani pang'ono", pulogalamu yolandira idzayesa "dikirani pang'ono" ndi dzina la mlimi.

Pomaliza ntchito, lamulo limasiyanso nambala imodzi imene munthu saiona koma makina amaiwerenga: 0 ndiye kuti zonse zayenda bwino, ndipo nambala ina iliyonse, kufikira 255, ndiye kuti pali cholakwika. Lamulo limene lilephera koma n'kubweza 0 lifanana ndi mthenga amene anapeza mlatho utakokoloka, nabwerera kwa mfumu ndi kunena kuti uthenga wafika. Onse otsatira adzamanga pa bodza limenelo. Mu Django, kuponya CommandError kumalemba dandaulo ku stderr ndi kubweza nambala yosonyeza kulephera, ndipo ndi chizolowezi choyenera kuchiphunzira msanga. Ndi bwinonso kupereka njira yakuti zotsatira zituluke m'kalembedwe kotchedwa JSON kwa makina, pamene munthu aonetsedwa mizere yoyalidwa bwino; ndipo uthenga wa cholakwa unene chimene chachitika ndi chimene munthu achite, osangoti "zalephereka".

Mawu achinsinsi aikidwe kuti?

Asaikidwe pa mzere wa lamulo. Bash imasunga mbiri ya zonse zolembedwa m'fayilo, ndipo pa seva ya anthu ambiri wina angathe kuona malamulo amene akuyenda pamodzi ndi mawu ake onse. Pasiwedi yolembedwa pamenepo ili ngati kiyi wosiyidwa pachitseko. Chida chiifunse mosaonetsa zilembo, kapena chiiwerenge m'fayilo imene mwini yekha ndiye aloledwa kutsegula. Koposa apo, chida cha mtundu wa mthenga chisasunge pasiwedi konse, koma chizindikiro chotchedwa token, chimene chili ndi malire a zimene chingachite ndipo chingafafanizidwe laputopu ikabedwa popanda kusintha china chilichonse. Umo ndi mmene gh auth login ichitira: imaonetsa nambala yogwira kamodzi, munthu naitsimikiza pa tsamba la GitHub, ndipo chida chilandira token yake.

Kodi si zoopsa kupatsa munthu mphamvu yotere pa mzere umodzi?

N'zoopsa ndithu, ndipo amene akana zimenezi sanagwirepo seva ya anthu. Walira mvula walira matope: mphamvu yomweyo imene itumiza mauthenga 3,000 m'kamphindi ingafafanizenso maina 3,000 m'kamphindi. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, atatopa ndi ntchito ya usiku, anafuna kufafaniza zinthu pa seva yothandizira koma anayendetsa lamulolo pa seva yaikulu, ndipo pozindikira n'kuti zinthu pafupifupi magigabaiti 300 zitapita. Njira zawo zosungira makope zinapezeka kuti sizinkagwira ntchito monga ankayembekezera, ndipo ntchito ya anthu ya maola pafupifupi asanu ndi limodzi inatayika. Pasanathe mwezi, pa 28 Febuluwale, wantchito wa Amazon wololedwa bwino lomwe, akutsata ndondomeko yolembedwa, analakwitsa polemba mbali imodzi ya lamulo lochotsa maseva owerengeka a nkhokwe yawo yotchedwa S3 ku Northern Virginia, ndipo maseva ochuluka kuposa amene anafuna anachotsedwa, mawebusaiti ambirimbiri nasokonezeka kwa maola pafupifupi anayi.

Chimene ndichilemekeza pa nkhani yachiwiriyi ndi chigamulo chake. Amazon inasintha chidacho kuti chizichotsa maseva pang'onopang'ono, ndiponso kuti chizikana kuchotsa kupyola malire amene ntchito ifuna kuti iyende. Kumeneko ndiko kuweruza kolungama, pakuti anthu onsewa sanali mbuli kapena aulesi. Anali amisiri odziwa ntchito, ndipo dzanja la mmisiri aliyense lidzaterereka tsiku lina. Mlandu waukulu uli pa womanga chida chimene chimvera lamulo loononga mofulumira monga chimvera lamulo lofunsa nthawi.

Tsono womanga achite chiyani kuti ateteze anzake?

Madzi akatayika saoleka, chotero chitetezo chonse chikhale patsogolo pa kutayikako. Lamulo lililonse losintha kapena kufafaniza zinthu likhale ndi njira yoyeserera, imene mwa mwambo imatchedwa --dry-run, yonena zimene likanachita popanda kuzichita. WP-CLI ili nayo pa lamulo lake la search-replace, ndipo wosamala sayendetsa lenileni asanaone loyeserera. Lisanaononge, lamulo linene poyera seva imene lilipo ndi kuchuluka kwa zimene likhudze, lifunse chilolezo. Ndipo pa zinthu zazikulu, kuyankha kuti inde kusakwanire, popeza chala chimazolowera, koma munthu alembe dzina lenileni la chimene afafaniza. Safunsa anadya phula. Kwa cron, amene sangayankhe funso, pakhale mawu apadera olumphira funsolo, monga --noinput ya Django, kuti wolumpha alumphe mwadala.

Chinanso, chimene ife a kuno tichidziwa ndi mtima wonse: magetsi amazima ndipo netiweki imaduka ntchito ili pakati. Ngati lamulo lija lafika pa mlimi wa 1,200 pamene seva yazima, kodi poliyendetsanso lidzakumbutsa kachiwiri onse oyamba aja? Lamulo lomangidwa bwino limalemba chizindikiro pa aliyense amene lathana naye, kotero kuti kuliyendetsa kawiri kubala zofanana ndi kuliyendetsa kamodzi. Mthenga nayenso asadikire yankho kosatha. Apatsidwe malire a nthawi, ayesenso pambuyo pa kupuma, ndipo asabwereze pempho lolipira ndalama asanatsimikize kuti loyamba silinafike. Pomaliza, chilichonse chochitidwa pa khomo la kuseri chilembedwe m'kaundula, ndani anachita, liti, ndi mawu otani, pakuti khomo lopanda mboni limaitana mayesero ngakhale kwa munthu wokhulupirika.

Kodi malamulo amenewa angalembedwe m'Chichewa?

Angalembedwe, pakuti kompyuta siisankha mtundu wa mawu. Dzina la fayilo likakhala tumiza_zikumbutso, lamulo lidzakhala lomwelo. Maina amene dziko lonse linazolowera, monga --help, asiyidwe momwe alili kuti mlendo wodzathandiza asasochere. Koma mafotokozedwe, mafunso otsimikiza ndi mauthenga a zolakwa ayenera kukhala m'chilankhulo chimene wogwira ntchitoyo amaganizira, makamaka funso lomaliza lija lofunsidwa zinthu zisanafafanizidwe, limene munthu ayenera kulimva msanga ngakhale atatopa. Inu achinyamata amene mwamanga kale webusaiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya bungwe la kwanu, yang'anani ntchito imodzi imene kalaliki amaibwereza ndi manja mwezi ndi mwezi, muilembere lamulo lake sabata ino, ndipo musalipereke m'manja mwake musanaliikire njira yoyeserera.